Mmene mungayendere ku Hermaness, komwe dziko la Britain lathera

Amene muli ku Glasgow, Edinburgh, Aberdeen kaya Manchester ndipo holide ikakwana mumangoganiza za London kapena Blackpool, tamverani izi kaye. Kumpoto kwenikweni kwa Scotland kuli zilumba za Shetland, ndipo chilumba chomalizira chomwe kumakhala anthu ndi Unst, anthu ake ongopitirira 600 pang'ono basi. Ndiye kunsonga kwa Unst kuli phiri lina lolowa m'nyanja dzina lake Hermaness, malo otetezedwa komwe mbalame za m'nyanja zimaswera. Ukaima pamenepo n'kuyang'ana kumpoto umaona timatanthwe tingapo, nyumba ya nyali yotsogolera sitima ya Muckle Flugga, kamwala ka Out Stack, kenako madzi okhaokha mpaka ku ayezi wa ku Arctic. Britain yathera pompo, kulibenso mudzi wina kutsogoloko.

Choyamba chomwe ndikuuzeni, ndipo olo zinazi muiwale ichi chokha musunge, musapange pulani yopita ndi kubwerera ku Lerwick, tawuni yaikulu ya Shetland, tsiku lomwelo. Anthu ambiri amatero, amadzuka m'mamawa, feri, feri inanso, afika masana, ajambula tizithunzi tiwiri akuyang'ana wotchi kenako liwiro kuthamangira feri yobwerera, ndiye chifunga chikapezeka kuti chatseka tsiku limenelo ndalama zonse zija zalowa m'madzi. Gonani pa Unst pomwepo masiku awiri kapena atatu, kuti tsiku lokwera phiri mulisankhe poona kumwamba osati poona tikiti.

Nyengo yake ndi kuyambira pakati pa Meyi mpaka kumapeto kwa Julaye, Juni ndiye mwezi weniweni. Mbalame zambiri za kumeneko moyo wake wonse ndi wa panyanja, zimabwera kumtunda kudzaikira mazira basi, ma puffin, timbalame ta milomo yofiira tokhala m'maenje, amafika cha mu Epulo ndipo Ogasiti akamayamba amakhala akunyamuka, mukapita mu Seputembala mukapeza maenje okhaokha. Komanso malowa ali kupitirira madigiri 60 kumpoto, moti mu Juni kumawala maola pafupifupi 19 ndipo usiku wake sikuda bii, kumangokhala ngati dzuwa langolowa kumene mpaka litulukenso. Kwa ife ozolowera kuti 6 koloko kwada zimasokoneza tulo, tengani kansalu kophimba m'maso. Koma ubwino wake mutha kuyamba ulendo wa kuphiri 4 koloko madzulo opanda nkhawa. Disembala ayi, kumacha mochedwa kumada msanga, mphepo yake si yocheza, mbalame kulibe.

Kafikidwe kake. Njira yotchipirako ndi sitima ya NorthLink yochoka ku Aberdeen madzulo n'kufika ku Lerwick m'mawa, maola 12 mpaka 14 kutengera ngati yadzera ku Kirkwall pa zilumba za Orkney. Ngati thumba likulola tengani kebini, ngati ayi pali mipando yogonapo, koma nyanja ija ikalusa simasewera, amene mumachita chizungulire mugule mankhwala ku famase musanakwere ndipo mumwe sitima isananyamuke osati mutayamba kale kumva nseru. Ndege ziliponso, Loganair imatera ku Sumburgh kuchokera ku Aberdeen, Edinburgh, Glasgow ndi Inverness, koma Sumburgh ili kumwera kwenikweni kwa Shetland ndipo chifunga chimakonda kuimitsa ndege nthawi yotentha. Malo a galimoto ndi makebini mu sitima amatha msanga, bukani miyezi ingapo nthawi isanakwane. Amene mukuchokera ku Malawi kapena ku Zambia ndi viza ya UK yomwe ija, Shetland ndi Scotland ndithu palibenso chikalata china.

Kuchoka ku Lerwick mumayendetsa makilomita oposa 40 kukafika pa Toft, pamenepo feri ya mphindi 20 kuwolokera ku Ulsta pa chilumba cha Yell, mudula Yell yonse mpaka pa Gutcher, feri inanso ya mphindi 10 kufika pa Belmont, ndiye mwaponda Unst. Maferi awa ndi a khonsolo ya Shetland, ndi ang'onoang'ono ndipo mu Juni amadzadza, bukiranitu malo a galimoto kupita ndi kubwerera komwe. Pa doko pamakhala mizere, wa obuka ndi wa osabuka, imani pa mzere wanu. Pa Gutcher chenjerani chifukwa maferi ena amapita ku chilumba china cha Fetlar, funsani anyamata a mu feri musanalowetse galimoto. Mabasi alipo olumikizana ndi maferi koma ndi ochepa pa tsiku, Lamulungu musawadalire, ndipo sakakusiyani pa geti ya Hermaness, moti opanda galimoto mudzayenda makilomita angapo musanayambe n'komwe kukwera. Ine ndimati sonkhanani anthu anayi mupange hayala galimoto ku Lerwick, zimatsika mtengo. Misewu yambiri ya pa Unst ndi yopapatiza ya galimoto imodzi, pali timalo topatukira, wapafupi ndi kamalo ndiye amaima, mukadutsana mumakwezerana dzanja, osatero ndi mwano. Nkhosa nazo zimagona pa tala penipeni sizisuntha msanga.

Pogona ndi pochepa. Ku Uyeasound kuli hositelo ya Gardiesfauld, ku Baltasound kuli nyumba za renti, bukani musananyamuke. Mashopu alipo cha ku Baltasound koma amatseka msanga, ndiye gulani buledi, zakumwa ndi kamba wa m'njira dzulo lake, mafuta a galimoto musadikire kuti nyali iyake. Kuphiriko kulibe chogula chilichonse, olo madzi.

Zovala. Abale musanamizidwe ndi mawu oti chilimwe, mu Julaye kukatentha kwambiri ndi madigiri 14 kapena 15, mphepo ikaomba zimamveka ngati 7. Valani zosanjikiza, malaya, juzi, pamwamba jekete yosalowa madzi ndi mphepo, chipewa chogwira mutu ndi magulovesi m'chikwama. Nsapato zikhale za buti zokhala ndi mano pansi, ma sinika oyera aja asiyeni ku hotela. Ambulera ndi yopanda ntchito imathyoka mphindi yomweyo. Ngati muli ndi mabainokyula tengani, ngati mulibe bwerekani, foni yokha gannet, chimbalame choyera cha m'nyanja, ali pathanthwe amangooneka kadontho. Mapu dawunilodanitu chifukwa netiweki imabwera n'kupita, ndipo muuze munthu wa pomwe mukugona kuti mwapita kuphiri mubwera nthawi yakuti.

Galimoto mumaisiya pa malo oimikira pamwamba pa Burrafirth, pansi pake pali nyumba yoyera yomwe kale kumakhala mabanja a anthu oyang'anira nyali ya Muckle Flugga. Malowa ndi otetezedwa kuyambira 1955, pano amayang'anira ndi a NatureScot, bungwe la boma loona zachilengedwe, kulowa ndi ulere, zimbudzi zili pomwepo, zigwiritseni ntchito chifukwa kutsogoloko kulibe olo mtengo umodzi wobisalako. Njira imayamba ndi miyala kenako mumakwera pa kanjira ka matabwa kodutsa m'dambo, mbali ina yaitali anaimanga chaposachedwa n'kutsegula mu 2022. Musatsike pa matabwapo. Dothi lakuda lonyowa lomwe mukuona ndi zomera zomwe zakhala zikuwolerana kwa zaka zikwizikwi, likapondedwapondedwa limang'ambika mvula n'kulikokolola, komanso phazi limatha kumira mpaka m'bondo. Yang'anani m'mbali mwa njira, muona udzu wa timitu toyera ngati thonje, ndi timbewu tofiira tokhala ndi timadontho tomata tomwe timagwira tizilombo n'kudya chifukwa dothilo lilibe chakudya.

M'dambo momwemo ndi momwe mukumane ndi mwini dera, mbalame yomwe eni ake amati bonxie, m'mabuku ndi great skua. Ndi chimbalame chakhaki, chojintcha, chokhala ndi zigamba zoyera m'mapiko, khalidwe lake ndi la mphamba wotola anapiye pakhomo koma uyu saopa munthu. Amathamangitsa gannet m'mwamba, kumukoka phiko kapena mchira mpaka asanze nsomba yomwe wagwira, iye n'kuiwakha isanagwe m'madzi, ndipo puffin amamudya ndithu. Mukayandikira chisa chake amabwera molunjika pamutu panu, mumangomva fuu. Musathamange, musamugende, kwezani dzanja kapena ndodo pamwamba pa mutu chifukwa amalimbana ndi chomwe chatalika, n'kumapitirira ulendo. Mukakhala pa matabwa nthawi zambiri amangokuyang'anani. Ndi wankhanza inde koma osamuda, mu 1831 kuno kunatsala mabanja atatu okha chifukwa cha anthu owombera ndi otola mazira, banja la a Edmondston omwe anali eni malo ndi amene anayamba kuwalondera mpaka anachulukanso kufika pokhala limodzi mwa magulu akuluakulu pa dziko lonse. Kenako chimfine cha mbalame cha 2021 ndi 2022 chinawapulula koopsa pamodzi ndi ma gannet. Mukaona mbalame yakufa kapena yodwala osaigwira, ana muwauziretu, galu akhale pa chingwe.

Pakatha pafupifupi ola limodzi matabwa amathera pa udzu waufupi wobiriwira, ndipo nthaka imangodukiratu, pansi nyanja. Apa ambiri amakhotera kumanja kuthamangira nyali. Inu yambani kumanzere, kumwera, mphindi zochepa chabe mufika pa Neap pomwe phompho lake ndi mamita 170. Fungo ndi lomwe limayamba kukupezani, kenako phokoso, kenako mumazindikira kuti matanthwe oyera aja si mwala woyera ayi ndi mbalame ndi zitosi zake. Ma gannet amenewo, mapiko akatambasula amafika mamita 1.8, oyera, nsonga zakuda, mutu wachikasu. Anayamba kuswera kuno cha mu 1917 ndipo chimfine chisanabwere anali mabanja opitirira 25,000. Khalani pansi, osaimirira, mupatseni nthawi. Muona zisa zotalikirana ndendende pomwe mlomo wa mnzake sungafike, muona mwamuna ndi mkazi akulonjerana pomenyanitsa milomo wina akabwera kunyanja, muona zingwe za buluu ndi zobiriwira za maukonde m'zisa zomwe nthawi zina zimakola mbalamezo n'kufa, ndipo mukayang'ana kunyanja muona zikupinda mapiko n'kugwera m'madzi pa liwiro lofika makilomita 100 pa ola. Ola lathunthu limatha osadziwa. Pa matanthwe omwewa panakhalapo mlendo wodabwitsa, albatross wa kumwera kwa dziko yemwe anasochera n'kumabwera pafupifupi chaka chilichonse kuyambira 1972 mpaka 1995, kumanga chisa pakati pa ma gannet opanda mnzake, anthu anamutcha Albert.

Ma puffin simuwafunafuna, ali m'mphepete mwa udzu momwe mukuyendamo, timbalame takuda ndi toyera ta milomo yofiira ndi miyendo ya olenji. Amakumba maenje ngati a kalulu, dzira limodzi pa chaka, ndiye nthaka ya m'mphepete imakhala yobooka pansi, mukapondapo mutha kugwetsera mwana denga kapena inuyo kuterereka. Khalani patali pang'ono mwakachetechete, eni ake amabwera okha pafupi. Masana ambiri amakhala kunyanja, madzulo ndiye amadzadza, chifukwa chinanso chogonera pa Unst. Mu Julaye mumawaona atanyamula tinsomba tambiri kukamwa ulendo kwa mwana. Palinso fulmar, amaoneka wofatsa koma mukayandikira chisa amalavula mafuta onunkha omwe pa jekete sachoka olo muchape kangati.

Za phompho ndinene mosabisa. Kulibe mpanda, kulibe mlonda. Udzu ukanyowa umaterera, ndipo buluku la pulasitiki lamvula limaseseleka pa udzu wotsetsereka moti munthu akagwa saima. Mphepo imatha kukankha mwadzidzidzi. Selefi yotembenukira nyanja uku mukubwerera chambuyo, iyayi. Chifunga chikagwa bwererani njira yomwe munadzera osayesa zidule. Pakachitika ngozi imbani 999 mufunse a Coastguard, opulumutsa anthu m'mphepete mwa nyanja.

Mukakhuta ma gannet bwererani n'kulowera kumpoto m'mphepete mwa phompho, njira yake yokwera ndi kutsika, mpaka Muckle Flugga ionekere bwino. Nyali imeneyo anaimanga Thomas ndi David Stevenson nthawi ya nkhondo ya ku Crimea kuti sitima zankhondo zisamaphwanyike, yongoyembekezera inayaka mu 1854, yeniyeniyi mu 1858. Thanthwe lake ndi lalitali mamita pafupifupi 60 koma mafunde a m'nyengo yozizira ankafika pamwamba mpaka kuthyola chitseko cha nyumba yoyambayo. Anthu ankakhala pamenepo mosinthana, mabanja awo ali ku Burrafirth kuja, mpaka 1995 pomwe nyaliyo inayamba kudziyendetsa yokha. Ukamaiona uli pa mtunda umadzifunsa kuti njerwa ndi simenti anakweza bwanji. Pobwerera dzerani pamwamba pa Hermaness Hill, mamita 200, pomwe pali zotsalira za kanyumba komwe ankatumizirana zizindikiro ndi a pa nyali, kenako matabwa akutsitsirani ku galimoto. Kuzungulira konse ndi maola atatu kapena anayi, kuphatikiza kukhala pansi muwerengere asanu.

Kutsidya kwa madzi a Burra Firth muona phiri lina lokhala ndi chimpira pamwamba, ndi Saxa Vord, malo a rada a asilikali. Nthano ya kumeneko imati kunali ziphona ziwiri, Herman ndi Saxa, zinkagendana miyala kudutsa madziwo polimbirana mkazi wa m'nyanja, mkaziyo anati amene anditsatire mpaka kumpoto kwa dziko ndiye wanga, onse analumphira m'madzi osadziwa kusambira. Lero kuseri kwa phiri lomwelo, pa Lamba Ness, kuli bwalo loulutsira maroketi lomwe linalandira chilolezo mu Disembala 2023. Nkhosa mbali iyi roketi mbali iyo.

Tsiku lachiwiri lipatseni zakale, chifukwa pa Hermaness penipeni zakale ndi zochepa, zambiri zamwazikana pa chilumba. Yambani pa Haroldswick, m'mbali mwa msewu muona chingalawa chachikulu cha ma Viking, anthu akale a panyanja ochokera cha ku Norway, chili pamtunda, dzina lake Skidbladner, anachipanga motengera ngalawa ya Gokstad yomwe inafukulidwa ku Norway mu 1880, pambali pake nyumba yaitali ya miyala ndi denga la udzu yomangidwa mmene ankamangira iwo. Mutha kukwera ndi kulowa, ana amasangalala. Izi ndi zongopanga koma zimathandiza, chifukwa mukapita ku mabwinja enieni mumangopeza mizere ya miyala mu udzu, ndiye mukhala mutaona kale kuti nyumbayo inkaoneka bwanji, anthu mbali yakumtunda ng'ombe mbali yakumunsi denga limodzi, kutentha kwa ziweto kumafunditsa anthu ndipo ndowe zimatsikira kunja. Anthu a ku Norway anafika kuno m'zaka za m'ma 800, ndipo pa Unst papezeka malo a nyumba zoterezi okwana 60 kapena kuposa, kuchulukana komwe olo ku Scandinavia kwenikweniko kulibe. A Shetland Amenity Trust anafukula zitatu, pa Hamar, Underhoull ndi Belmont. Zilumbazi zinali za mfumu ya Norway ndi Denmark mpaka 1469 pomwe mfumu Christian I anazipereka chikole kwa Scotland chifukwa analibe ndalama za ukwati wa mwana wake Margaret ndi James III mfumu ya Scotland, ndipo chikolecho sichinaomboledwe mpaka lero. N'chifukwa chake maina a malo kuno samveka Chingerezi.

Ngati nthawi ikuchepa sankhani Underhoull. Pamalo amodzi pali nyumba za ma Viking ndi bwinja la broch, nsanja yozungulira ya miyala yosanjikiza opanda matope ya zaka pafupifupi 2000, yomangidwa ndi anthu omwe analipo ma Viking asanabwere, ndi ngalande zake zotetezera zikuonekabe. Kutsidya kwa gombe kuli tchalitchi chakugwa cha St Olaf pa Lund cha m'zaka za m'ma 1100, mkati mwake muli manda a Segebad Detken, wamalonda wa ku Bremen yemwe anamwalira mu 1573 atachita malonda kuno zaka zoposa 50, kugula nsomba zouma kusinthanitsa ndi mchere, nsalu ndi mowa. Mandawo anthu akuikabe abale awo, yendani mwaulemu. Panjira yopita kumeneko muona chimwala choimikidwa cha Bordastubble, chachitali pafupifupi mamita 4, nkhosa zimabisalapo mphepo. Zipata za m'minda mukatsegula tsekani, lamulo la Scotland limalola kuyenda m'malo a eni koma mwaulemu, ndipo miyala ya m'mabwinja osasuntha olo kamodzi.

Muness Castle ili kumwera chakum'mawa kwa Unst, inayamba kumangidwa mu 1598 ndi Laurence Bruce, mkulu yemwe anthu a ku Shetland anamudandaula kwa boma chifukwa chobera pa sikelo ya msonkho, moti tizibowo ta mfuti m'makoma ake timamveka chifukwa chake. Inaotchedwa ndi achifwamba a panyanja mu 1627. Kulowa ndi ulere, zipinda zapansi ndi zamdima yatsani tochi ya foni. Mphindi 30 zakwana.

Pali malo amodzi omwe anthu amawadutsa chifukwa amaoneka ngati pothira miyala ya msewu, Keen of Hamar, pafupi ndi Baltasound. Miyala yake inali pansi pa nyanja yakalekale n'kukankhidwira pamtunda, dothi lake zomera zambiri zimalikana, koma pali kaduwa koyera komwe sikamera kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa Unst pokha. Anakatulukira Thomas Edmondston mu 1837 ali mwana wosakwana zaka 13, anadzakhala pulofesa ku Glasgow mu 1845, n'kumwalira mu 1846 ku South America mfuti itaombedwa mwangozi. Kamachita maluwa mu Juni ndi Julaye, kuti mukaone muyenera kuyenda pang'onopang'ono maso pansi, mwina kugwada kumene, ndipo muziyang'ana pomwe mukuponda. Msewu wolowera kumeneko uli pa siteji ya basi yotchuka, yomwe anthu a m'mudzi amaikongoletsa ndi mpando, makatani ndi tizinthu tina, chaka chilichonse mtundu wake, khotani pomwepo.

Akatumbu aliponso ambiri ndipo kuno amasaka masana m'nyanja, nthawi yabwino ndi madzi akamaphwa, mukhale chete mphepo ikuomba kuchokera kwa iwo kubwera kwa inu. Pamene mukudikira feri pa Belmont kapena pa Gutcher tsikani m'galimoto muyang'ane m'miyala ya pa doko, amakonda kudutsa pamenepo, ndipo nthawi zina mu Bluemull Sound mumadutsa anamgumi aja akuda ndi oyera akusaka ma seal. Pobwerera siyani mpata wa feri imodzi kapena ziwiri, musabuke yomalizira yomwe ingakufikitseni ku Lerwick nthawi yothaitha, sitima ya ku Aberdeen masiku ena imanyamuka msanga kusiyana ndi masiku ena, onetsetsani pa tikiti yanu.